N'chifukwa chiyani nyimbo yomveka bwino pafoni imawonongeka ikafika pa masipika aakulu?

Funso lachokera kwa bambo wina wa ku Namwera, m'boma la Mangochi. Iwo alemba motere: "Ndili ndi masipika awiri aakulu, ampulifaya ndi mikisa, ndipo ndimaimbitsa nyimbo pa maukwati ndi pa zinkhoswe kuyambira kuno kwathu mpaka ku Mangochi boma. Nyimbo zambiri ndimazitenga kwa anyamata obena nyimbo kumsika, zina anzanga amanditumizira pa WhatsApp. Pafoni zonse zimamveka bwino, koma pa masipika zina zimamveka ngati zikuimbidwa m'madzi, maseche n'kumangosokosera osadziwika bwino. Mnyamata wina anati vuto ndi bitrate, ndipo anandisinthira nyimbo zonse kuchoka pa 128 kupita pa 320, koma palibe chasintha kupatula kuti flashi yanga yadzaza. Kodi bitrate n'chiyani, nanga ndichite chiyani?"

Bambo, mnyamatayo sananame ponena kuti bitrate ikukhudzidwa pa vuto lanu, koma njira imene anatsata singathetse vutolo, ndipo kunena zoona nyimbo zanu zatsika pang'ono kuposa mmene zinalili asanazigwire. Chimene chimapangitsa nyimbo kumveka bwino kapena moipa si nambala yolembedwa pa fayilo imene muli nayo lero, koma ulendo wonse umene fayiloyo yayenda kuchokera ku situdiyo, makamaka kufinyidwa (kuchepetsedwa kukula kwa fayilo) koipa kwambiri kumene inakumana nako panjira. Kuti izi zimveke, tiyambe ndi mmene mawu amasandukira manambala.

Mawu ndi kunjenjemera kwa mpweya. Maikolofoni imasandutsa kunjenjemerako kukhala mphamvu ya magetsi yokwera ndi kutsika, ndipo makina ojambulira amayeza mphamvuyo kambirimbiri pa sekondi iliyonse, n'kumalemba muyeso uliwonse ngati nambala. Muyezo umene makampani a Sony ndi Philips anakhazikitsa pa CD, imene inayamba kugulitsidwa mu 1982, ndi wakuti mawu ayezedwe ka 44,100 pa sekondi, muyeso uliwonse ulembedwe ndi ma bit 16, ndipo pakhale mbali ziwiri, ya kumanzere ndi ya kumanja. Bit ndi kachidutswa kochepetsetsa ka uthenga wa pakompyuta, kamene kamakhala 0 kapena 1. Nambala ya 44,100 sinangosankhidwa mwachisawawa. Khutu la mwana wathanzi limamva kunjenjemera koyambira ka 20 kufika ka 20,000 pa sekondi, kumene timalemba kuti 20 Hz mpaka 20,000 Hz, ndipo masamu a Harry Nyquist ndi Claude Shannon anaonetsa kuti pofuna kusunga mawu ena alionse, muyenera kuwayeza mowirikiza kupitirira kawiri kunjenjemera kwawo.

Mukachulukitsa 44,100 ndi 16 ndi 2 mupeza ma bit 1,411,200 pa sekondi, kapena kuti 1,411 kbps (1 kbps ndi ma bit 1,000 pa sekondi). Imeneyo ndiyo bitrate ya CD, ndiponso ya fayilo ya WAV, imene imasunga mawu osafinyidwa, ikajambulidwa pa muyezo womwewo. Choncho bitrate ndi kuchuluka kwa ma bit amene aperekedwa kuti afotokoze sekondi imodzi ya nyimbo. Fayilo ya 128 kbps ikufotokoza sekondi yomweyo ndi gawo limodzi mwa magawo 11 a zimene CD imagwiritsa ntchito, pamene ya 320 kbps ikugwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi ndi theka.

Chifukwa chofinyira nyimbo mukuchidziwa kale, poti flashi yanu yakuuzani. Nyimbo ya mphindi 4 ikakhala WAV imatenga pafupifupi 42 MB, ikakhala MP3 ya 320 imatenga 9.6 MB, ndipo ikakhala ya 128 imangotenga 3.8 MB. Pa flashi ya 8 GB mutha kuikapo nyimbo pafupifupi 2,000 za 128, zoposa pang'ono 800 za 320, koma za WAV sizingakwane n'komwe 200. Munthu wogula bandulo ya intaneti ya tsiku limodzi sangasankhe fayilo ya 42 MB pamene pali ina ya 3.8 MB, ndipo sitingamudzudzule.

Kufinya kulipo kwa mitundu iwiri. Mtundu woyamba sutaya kanthu. Fayilo ya FLAC, imene inatuluka mu 2001, imangolemba manambala omwewo mwachidule, ndipo ikamaseweredwa amabwerera ndendende mmene analili. Vuto lake ndi lakuti imangochepetsa kukula ndi theka kapena kuchepera apo, moti nyimbo ya 42 MB ija imatsalabe pakati pa 20 ndi 30 MB. Mtundu wachiwiri, momwe muli MP3, AAC ndi Opus, umachepetsa kwambiri chifukwa umataya zina mwa zimene zinajambulidwa, ndipo zotayidwazo sizibwereranso. Nkhani yanu yonse yagona pa mtundu wachiwiriwu.

MP3 inapangidwa makamaka ndi akatswiri a ku Fraunhofer Institute mumzinda wa Erlangen ku Germany, mmodzi mwa iwo ndi Karlheinz Brandenburg, ndipo inasindikizidwa ngati muyezo wa dziko lonse lapansi mu 1993. Nzeru yake yaikulu inachokera pa kuphunzira zofooka za khutu la munthu. Mukaima pafupi ndi chigayo chikugaya, mnzanu akakunong'onezani simumva kanthu, ngakhale kuti mawu akewo afikadi m'khutu mwanu. Phokoso lalikulu limaphimba laling'ono, makamaka ngati awiriwo ali oyandikana pa ma Hz a kunjenjemera kwawo. Kuphimbaku kumapitiriranso kwa kanthawi kochepa phokoso lalikulu litasiya, ndipo chodabwitsa n'chakuti kumayambanso kamphindi kochepetsetsa phokosolo lisanafike. Kuwonjezera apo, khutu silimva mofanana mawu onse: limamva kwambiri pakati pa 2,000 ndi 5,000 Hz, ndipo limafooka kumapeto konse kuwiri.

Pulogalamu yopanga MP3 imadula nyimbo m'tizigawo ta miyeso 1,152, kutanthauza pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 38 a sekondi, ndipo m'kachigawo kalikonse imagawa mawu molingana ndi kakwezedwe kawo, kuyambira besi mpaka mawu okwera kwambiri. Ikatero imawerengera kuti ndi pati pamene khutu lingamve cholakwika ndiponso ndi pati pamene cholakwikacho chingaphimbidwe. Anthu ambiri amaganiza kuti MP3 imachotsa zida zina zoimbira, koma si mmene zimakhalira. Chimene imachita kwenikweni ndi kulemba manambala mosasamala kwambiri, mongoyerekeza, pamalo pamene yaona kuti khutu silizindikira. Kuyerekezako kumabala kaphokoso kosafunika, ndipo luso lonse lagona pa kubisa kaphokosoko pansi pa mawu a nyimbo yeniyeniyo. Ma bit akakhala okwanira kaphokosoko kamabisika ndithu, ndipo womvera sangasiyanitse MP3 ndi CD. Akaperewera, pulogalamuyo imakakamizika kuyerekeza ngakhale pamalo oonekera, ndipo m'pamene khutu limayamba kudandaula.

Zimene mwafotokoza zikugwirizana bwino ndi zimenezi. Kumveka ngati m'madzi kumabwera pamene mawu okwera akupatsidwa ma bit m'kachigawo kena koma n'kumanidwa m'kachigawo kotsatira, moti amangoti kuoneka, kuzimirira, kambirimbiri pa sekondi. Palinso vuto lina limene limakhudza kwambiri nyimbo zathu. Ng'oma ikamenyedwa kapena anthu akaomba m'manja, mawu amabuka mwadzidzidzi pamalo pamene panali zii, ndipo kaphokoso kaja kamamwazika m'kachigawo konse, mpaka kumveka ng'omayo isanalire. Zotsatira zake n'zakuti kugunda kumene kunali kwakuthwa kumamveka kobuntha ndi kopakika. MP3 ili ndi njira yochepetsera vutoli mwa kugwiritsa ntchito tizigawo tafupi kwambiri, koma njirayi imadyanso ma bit ambiri, amene pa 128 kapena pa 96 palibe. Ndiye taganizirani za manganje kapena beni: ng'oma zingapo zikulira mosinthana, maseche ndi visekese, wenzulo, kuomba m'manja, nthungululu za amayi. Nyimbo zotere ndi zina mwa zovuta kwambiri kuzifinya, pamene munthu mmodzi woimba ndi gitala, kapena kwaya yoimba modekha popanda zida, imatha kumveka bwino ndithu pa 128. N'chifukwa chake pa flashi yanu si nyimbo zonse zimene zikuvuta, ngakhale zambiri zili ndi nambala yofanana.

Pulogalamuyi imadulanso dala mawu okwera kwambiri kuti ma bit atsalire mbali zofunika. LAME, imene ndi pulogalamu yodalirika kwambiri yopangira MP3, imadula cha pa 16,000 kapena 17,000 Hz ikamapanga 128, ndipo cha pa 20,000 Hz ikamapanga 320. Kudulaku anthu amakukokomeza kuposa mmene kulili, chifukwa akuluakulu ambiri samvanso bwino mawu opitirira 15,000 kapena 16,000 Hz, ndipo amene amagwira ntchito ngati yanu, yoima pafupi ndi masipika usiku wonse, makutu awo amafooka msanga. Phindu lake kwa ife ndi lakuti kudulaku kumasiya chizindikiro chimene tingachione, monga ndifotokozere kutsogoloku.

Nanga bwanji pafoni zonse zimamveka bwino? Kasipika ka foni n'kakang'ono, sikatulutsa besi, ndipo zambiri za m'nyimbo sikatha kuzionetsa, zabwino ndi zoipa zomwe. Masipika anu aakulu ali ndi ma tweeter opangidwa kuti aponye mawu okwera patali, ndipo mumawatsegula mokweza kwambiri. Chinanso chimene oimbitsa nyimbo ambiri sachiganizira n'chakuti pulogalamu yofinya ija inawerengera zobisa kaphokoso poganiza kuti nyimboyo idzaseweredwa mmene ilili. Inu mukakweza treble (mawu okwera) pa mikisa kuti nyimbo iwale, mumakweza mbali yomweyo imene munabisidwa zolakwika zambiri, ndipo zimene zinaphimbidwa zimatulukira poyera. Pa nyimbo yofinyidwa moipa, kutsitsa treble pang'ono kumathandiza kuposa kuikweza.

Tsopano tibwere pa zimene mnyamata uja anachita. Posintha MP3 ya 128 kukhala ya 320, kompyuta imayamba yamasula fayiloyo kukhala manambala athunthu, koma manambalawo ndi a nyimbo yowonongeka kale, ndi kaphokoso kake ndi mawu ake odulidwa. Kenako imafinyanso kachiwiri, tsopano ndi ma bit ambiri, ndipo ma bit owonjezerawo amathera pa kusunga mosamala zolakwika zomwe zija. Kufinya kwachiwiriku nakonso kumawonjezera kaphokoso kake, ngakhale kochepa. Fayilo yakula kawiri ndi theka, koma palibe chabwerera. N'chimodzimodzinso kusintha MP3 kukhala WAV kapena FLAC, kungoti pamenepo sipawonjezeka cholakwika chatsopano.

Mukaganizira njira imene nyimbo zambiri zimadzera zisanafike pamsika wa Namwera kapena wa Monkey Bay, muona kuti zambiri zimafinyidwa koposa kawiri. Woimba amalandira MP3 kuchokera ku situdiyo, n'kuipereka kwa wojambula vidiyo, amene amaifinyanso poitulutsa vidiyoyo. Vidiyo ikaikidwa pa YouTube kapena pa Facebook imafinyidwa kachitatu. Wina amaitsitsa pogwiritsa ntchito mapulogalamu osandutsa vidiyo kukhala MP3, kumene kuli kufinya kwachinayi, ndipo ambiri mwa mapulogalamuwa amalonjeza 320 pamene mawu a pa YouTube kwa anthu wamba amakhala cha pa 128 mpaka 160 kbps. Ngati vidiyoyo inadzeranso pa WhatsApp, imene imachepetsa mavidiyo kuti ayende msanga, ndiye kuti yafinyidwanso. Choipa kwambiri ndi nyimbo yojambulidwa ngati voice note, foni itayandikizidwa pa sipika, chifukwa njira imeneyo inakonzedwera kulankhula, imagwiritsa ntchito ma bit ochepa kwambiri, ndipo imatola phokoso la m'chipinda. Pomaliza, ngati mumatumiza nyimbo ku mikisa kudzera pa Bluetooth, dziwani kuti nayonso imafinya mawu isanawaulutse. Njira yake yofala, yotchedwa SBC, imafika cha pa 328 kbps zinthu zikakhala bwino, koma zipangizo zina zimaitsitsa foni ikatalikira kapena pakakhala zosokoneza zambiri, monga zimakhalira pa ukwati wodzaza anthu a mafoni. Waya kapena flashi yolowetsa mwachindunji n'zabwino kuposa Bluetooth pa ntchito yanu.

Muyeneranso kudziwa kuti nambala ya bitrate siyerekezeka pakati pa mitundu yosiyana ya mafayilo. AAC, imene inakhazikitsidwa mu 1997 ndipo Apple imagulitsira nyimbo pa 256 kbps, imachita bwino kuposa MP3 pa ma bit ofanana, makamaka pa 128 kutsika m'munsi. Opus, ya mu 2012, imaposanso pamenepo pa ma bitrate otsika. Ngakhale pa MP3 pomwe, mapulogalamu amasiyana luso, ndipo pali kusiyana pakati pa CBR, imene imapereka ma bit ofanana ku sekondi iliyonse, ndi VBR, imene imapereka ambiri pamene nyimbo yavuta ndi ochepa pamene yaphweka. VBR ndiyo yanzeru posunga malo, ngakhale masipika ena otsika mtengo a flashi amasokonezeka powerengera kutalika kwa nyimbo yotere. MP3 ndiyo imaseweredwa pafupifupi pa chipangizo chilichonse, ndipo pa chifukwa chimenecho chokha ndikadali kuilimbikitsa kwa anthu a ntchito ngati yanu.

Pali njira yoonera ngati 320 ili yeniyeni. Mapulogalamu aulere monga Spek kapena Audacity amajambula chithunzi cha nyimbo, choonetsa mawu otsika m'munsi ndi okwera m'mwamba. Ngati fayilo yalembedwa 320 koma chithunzicho chadulidwa mowongoka cha pa 16,000 Hz, pamwamba pake pali mdima wokhawokha, n'kutheka kwambiri kuti inachokera ku fayilo ya bitrate yotsika. Njirayi si yotsimikizika nthawi zonse, popeza nyimbo zakale zochokera pa makaseti sizinali ndi mawu okwera ambiri kuyambira pachiyambi, koma pa nyimbo zatsopano imathandiza kwambiri.

Sindingachite bwino ndikakusiyani mukuganiza kuti chilichonse choipa chimachokera ku bitrate. Ngati mukumva kung'ambika kapena kuthetheka pamene besi yagunda, kawirikawiri vuto limakhala lakuti mawu apitirira malire penapake. Tinyali tofiira pa mikisa kapena pa ampulifaya tikamayaka mosalekeza, nsonga za mafunde a mawu zikudulidwa, ndipo ngakhale WAV yochokera ku situdiyo idzamveka moipa, komanso ma tweeter atha kupsa. Jenereta yochepa mphamvu imabweretsa vuto lomweli, chifukwa ampulifaya imaperewera magetsi nthawi imene besi ikuwafuna kwambiri. Nthawi zina kung'ambikako kumakhala kuti kunalowa ku situdiyo komweko, pamene wojambula anapanikiza nyimbo ndi compressor ndi limiter kuti imveke mokweza kuposa za anzake. Kupanikiza kumeneku n'kosiyana ndi kufinya fayilo, chifukwa kumachepetsa kusiyana kwa mawu okweza ndi apansipansi osati kukula kwa fayilo, koma ziwirizi zimakumana pamalo amodzi: nyimbo yokwezedwa mpaka kumalire ikasandutsidwa MP3, nsonga zake zimatha kudumpha malirewo. N'chifukwa chake ojambula osamala amasiya mpata wa 1 dB (muyeso wa kukweza kwa mawu) pamwamba. Mutha kusiyanitsa mavuto awiriwa mosavuta. Tsitsani gain (mphamvu ya mawu olowa mu mikisa) ndi voliyumu. Kung'ambika kukatha ndiye kuti vuto linali la zida, koma kumveka ngati m'madzi kukatsalabe ndiye kuti lili mu fayilo.

Pa funso lakuti bitrate yokwanira ndi iti, maganizo anga ndi awa. MP3 yopangidwa kamodzi kokha kuchokera ku WAV kapena CD, ndi pulogalamu yabwino, pa 192 kbps imakwanira nyimbo zambiri, ndipo pa 256 kapena 320 anthu ambiri, ngakhale odziwa nyimbo, amalephera kuisiyanitsa ndi CD akamamvera osauzidwa imene ikulira. Popeza inu mumakweza mawu kwambiri ndiponso mumasintha treble ndi besi, sankhani 256 kapena 320 kuti mukhale ndi mpata. Zolankhula zokha, monga ulaliki wa kutchalitchi kapena wa kumzikiti, zimamveka bwino pa 64 kbps ya mbali imodzi, ndipo kuzipatsa 320 n'kuwononga malo chabe. Mukafuna kudzitsimikizira, tengani nyimbo imodzi ya WAV, ipangeni 128, 192 ndi 320, ndipo mupemphe munthu wina azisewera mosakaniza inu mutatembenuka. Onetsetsani kuti voliyumu ndi yofanana, chifukwa khutu limakonda kunena kuti yokwezayo ndiyo yabwino.

Ngati pali makwaya kapena oimba a kwanuko amene mumagwira nawo ntchito, auzeni kuti akamaliza kujambula azipempha WAV ku situdiyo, osangolandira MP3 yokha, ndipo aziisunga m'malo awiri. MP3 iliyonse, vidiyo iliyonse, ndi nyimbo yopita ku wayilesi monga Dzimwe kapena Radio Maria, zizichokera pa WAV imeneyo. Ena amati poti FM imangofika pa 15,000 Hz, kutumiza fayilo yabwino ku wayilesi n'kosafunika, koma makina a wayilesi amapanikiza ndi kukweza mawu asanawaulutse, ndipo potero amaonetsa zolakwika za fayilo yofooka. Potumizirana pa WhatsApp, sankhani kutumiza ngati document kuti fayilo ifike mmene ilili. Kutenga nyimbo kwa eni ake kapena kumalo ovomerezeka kulinso ndi ubwino wina, woti simusemphana ndi malamulo a umwini wa nyimbo amene bungwe la COSOMA limayang'anira, ndipo ndi bwino kufunsa bungweli za chilolezo choimbitsira nyimbo pagulu.

Za flashi yanu, ngati mafayilo akale a 128 akadalipo penapake, abwezereni ndipo mufufute osinthidwawo, chifukwa akalewo ndi abwinoko pang'ono ndiponso amatenga malo ochepa. Ngati anafufutidwa, musasinthenso a 320 aja kubwerera ku 128, popeza kumeneko kudzakhala kufinyanso kwina. Asiyeni mmene alili, kenaka lembani nyimbo zimene anthu amazipempha pa mwambo uliwonse, zolowera akwati, za pelekanipelekani ndi zovina madzulo, ndipo muyambe ndi zimenezo kufunafuna mafayilo abwino, mukuyesa iliyonse pa masipika anu kunyumba tsiku la mwambo lisanafike.